Mutu 6: Nsalu Yofiira ya Fridah

1. Lamulo la Madamu Musonda

Kalabu ya zosoka pa sekondale imene Lyness Mumba ankaphunzira inali ndi atsikana khumi ndi awiri, makina osokera awiri, ndi simbi imodzi ya makala. Simbi ya magetsi inalipo, koma magetsi ankazimazima masana, choncho inkangokhala m'kabati.

Chaka chimenecho kalabuyo inalembetsa ku chionetsero cha masukulu a m'boma la Kabwe. Atsikanawo anagwirizana kusoka chofunda chachikulu cha zigamba. Aliyense anauzidwa kubweretsa zigamba zake zodula kale, ndipo Lyness ndiye anasankhidwa kuti azilumikize, chifukwa msoko wake unali wowongoka kuposa wa aliyense. Anaphunzira kwa amalume ake a Ezra, telala wa pa msika wa Kamushanga.

Mphunzitsi wa kalabuyo, Madamu Musonda, anajambula chofundacho pa bolodi. Pakati panayenera kukhala zigamba za mtundu umodzi wowala, kuzungulira pamenepo zoyera, kenako mitundu ina yonse. Atamaliza kujambula anaika choko pansi.

"Tamverani bwino, atsikana, chifukwa sindibwereza," anatero. "Nsalu iliyonse ichapidwe musanaidule. Yatsopano, yakale, yogula m'shopu, yopatsidwa ndi telala, zonse. Nsalu yatsopano imabwera ili ndi mankhwala oiumitsa, ndipo utoto wake umakhala usanakhazikike. Ikakumana ndi madzi koyamba imatulutsa utoto, komanso imafupika. Mukasoka yochapa pamodzi ndi yosachapa, tsiku loyamba kunyowa ina idzakoka inzake ndipo msoko udzakwinyika. Muiviike payokha m'beseni, muitsukuluze mpaka madzi ayere. Ikauma muisite, kenako ndiye mudule."

Anaima pang'ono n'kuyang'ana nkhope zawo.

"Posita chofunda musakoke simbi uku ndi uku ngati mukusita yunifolomu. Muyale kansalu konyowa pamwamba, muike simbi, muinyamule, muikenso. Nthunzi ndiyo imagoneka msoko. Koma dziwani kuti nthunzi yomweyo siibisa kanthu. Ngati wina wachita ulesi osachapa, nthunzi idzamuulula, ndipo sadzavutika yekha. Chofunda ichi n'cha anthu khumi ndi awiri."

Lyness anamvera zonse. Loweruka anapita kwa amalume ake kukatola tizidutswa ta nsalu totsala pansi pa makina. Kwawo ku Makululu, dera la anthu osauka, madzi ankachita kukatunga, koma iye anachapa katatu. Anayanika m'nyumba, pa chingwe chomangidwa pakati pa zenera ndi chitseko, chifukwa amayi ake sankafuna kuti fumbi la panja, lokhala ndi poizoni wa mgodi wakale wa mtovu, litere pa nsalu zonyowa.

Zigamba zoyera zinali zovuta kupeza. Amayi ake atamva, anatsegula sutikesi n'kutulutsa bulauzi yawo yakale ya Chigwirizano cha Amayi, imene anavala ku tchalitchi zaka zisanu ndi zinayi.

"Ndinasoketsa ina, iyi yatha m'khosi," anatero. "Koma kumsana kuli bwino. Dula, mwanangu. Anthu akaione ku chionetsero."

2. "Nachapa kudala"

Lachitatu aliyense anabweretsa zigamba zake. Womaliza kufika anali Fridah Chongo. Bambo ake anali mmodzi wa akuluakulu a asilikali a ndende, ndipo banja lawo linkakhala m'nyumba za ku Mukobeko. Fridah ankabwera pa minibasi tsiku lililonse. Lyness, mnzake Mwiza, ndi atsikana ena atatu a ku Makululu ankayenda pansi.

Fridah anatsegula pepala la pulasitiki n'kuyala zigamba zake pa tebulo. Zinali zofiira, zonyezimira, zokhala ndi timizere tagolide. Atsikana onse anaunjikana kudzaona.

"Izi ni zapakati," anatero Fridah. "Palibe ina ingalinganeko."

Madamu Musonda anali ataima pakhomo, chifukwa anali ataitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi. Anangoponya maso pa tebulo.

"Yokongola. Wachapa, Fridah?"

"Nachapa kudala, Madamu."

Madamu anagwedeza mutu n'kutuluka.

Lyness anayamba kusonkhanitsa zigamba za aliyense. Atangogwira zofiirazo, anadziwa. Nsaluyo inali youma gwa, inkalira m'zala ngati pepala, ndipo inali ndi fungo la m'shopu. Nsalu yotero inali isanalowepo m'madzi.

Asanatsegule pakamwa, Fridah ananyamula chigamba chimodzi cha Lyness ndi zala ziwiri, n'kuchiyandikiza kumphuno.

"Manje izi mwazitola kuti?" anafunsa. "Pa chishala potaila vinyalala? Lamulo ya kuchapa Madamu anaikila imwe ba ku Makululu, osati ise. Nsalu zanu zili na dothi ya poizoni. Sinifuna zikhale pafupi na zanga."

Atsikana ena anaseka. Ena anawerama. Mwiza anafuna kuyankha, koma Lyness anamugwira mkono.

"Zanga ndachapa katatu," anatero Lyness.

"Olo uchape kateni," anatero Fridah, n'kuponya chigambacho pa tebulo. Chinatsetsereka n'kugwera pansi. Chinali choyera, cha bulauzi ya amayi ake.

Lyness anachitola, anachikutumula, n'kukhala pa makina.

Poweruka, ali m'njira, Mwiza anamufunsa.

"Naona mmene unagwirira nsalu ija. Sinachapidwe, eti?"

"Sinachapidwe."

"Ndiye tikauze Madamu mawa m'mawa. Akadali ndi nthawi yoti aichape."

"Ayi," anatero Lyness. "Akuti lamulo ndi la ife a ku Makululu. Msiye. Ndisoka mmene wabweretseramo, ndipo ikasuluka aliyense adzaona kuti wauve ndi ndani."

"Koma Lyness, chofunda n'chathu tonse."

"Ndati msiye. Ukakanena, ine ndi iwe ubwenzi watha."

Mawa lake Mwiza sanapite kwa Madamu.

3. Nthunzi

Lyness anasoka Lachinayi, Lachisanu, ndi Loweruka lonse. Zofiira anaziika pakati, monga Fridah anafunira. Zoyera anazizunguliza pamenepo, monga chinalili chithunzi cha pa bolodi. Makala a simbi anali asanabwere, choncho msoko uliwonse ankangouwongola ndi chikhadabo.

Madamu Musonda anabwera Lachisanu kudzaona. Anayamikira msoko, ndipo anafunsa ngati pali vuto lililonse.

"Palibe, Madamu," anayankha Lyness.

Lolemba Madamu sanabwere kusukulu. Anali atapita ku maliro ku Kapiri Mposhi, koma anasiya uthenga woti atsikana asite chofundacho, popeza chionetsero chinali Lachisanu.

Mwiza anakoleza makala pa mbaula n'kuwathira m'simbi. Atsikana anayala bulangete pa tebulo lalikulu, n'kuyalapo chofunda. Chinali chokongola moti ngakhale anyamata odutsa panja ankaima pa zenera.

Lyness anaviika kansalu koyera m'beseni, anakafinya pang'ono, n'kukayala. Anayambira m'mphepete. Ankaika simbi, nthunzi n'kukwera, iye n'kunyamula. Misoko inagona bwinobwino. Mzere woyamba unatha, wachiwiri, wachitatu.

Atafika pakati anaviikanso kansalu kaja, anakayala pamene zofiira zinakumana ndi zoyera, n'kuikapo simbi. Atanyamula, kansaluko kanali kofiira kunsi konse.

Anakachotsa msanga. Utoto unali utayenderera kuchoka pa zigamba za Fridah n'kulowa m'zoyera zinayi. Unkapitirirabe kuyenda m'nsalu yonyowayo atsikana akuona. Mtsikana wina anathamanga n'kuthirapo madzi a m'beseni kuti atsukepo, koma madziwo anangoufalitsa. Unafika pa zachikasu za Mwiza ndi pa zobiriwira za ena awiri. Pamene panayamba kuuma, zofiirazo zinakoka zinzake, ndipo pakati pa chofunda panakwinyika ngati pakamwa pa thumba lomanga.

Lyness anangoima ndi simbi m'manja. Iye ankayembekezera kuti yoonongeka idzakhala nsalu ya Fridah yokha. Bulauzi ya amayi ake inali itasanduka yamathothomathotho.

Woyamba kulankhula anali Fridah.

"Mwaona? Ninakamba ine. Ni vinsalu va ku Makululu." Analoza zigamba ziwiri za maluwa ofiirira zimene Lyness anatola kwa amalume ake, zomwe zinali mzere wachitatu kuchokera pakati. "Ni izi zachosa kala. Zaononga na nsalu yanga ya nyuwani."

"Ukunama," anatero Lyness. "Izo zili kutali, ndipo n'zouma. Yako ndiyo sinachapidwe."

"Unaniona pamene sin'nachape?"

Lyness anaika simbi pansi. Fridah anayamba kulira mokweza, anatenga chikwama chake, n'kutuluka akunena kuti akauza amayi ake.

4. Pa msika wa Kamushanga

Lyness sanapite kunyumba. Anayenda mpaka ku msika wa Kamushanga, kumene anapeza amalume ake a Ezra akupinda miyendo ya thalauzi pa khonde la shopu yawo.

Anawafotokozera zonse ali chiimire, akulankhula mothamanga. Ananena za chishala, za dothi la poizoni, za chigamba choponyedwa pansi, ndi za bodza la Fridah. A Ezra anasiya kupalasa makina. Nkhope yawo inachita mdima.

"Mwana ameneyo alibe mwambo," anatero. "Nsalu zimene akuti za pa chishala zachokera pansi pa makina anga ano. Ndasokera anthu a ku Mukobeko komweko, ena mwa iwo ovala mayunifolomu, ndipo palibe anabweza chovala kuti chikununkha Makululu. Amene anamuphunzitsa kulankhula choncho anamulakwira."

Mtima wa Lyness unakhala pansi. Koma amalume ake anali asanamalize.

"Tsopano khala pansi. Wati nsalu yake inali yosachapa. Unadziwa liti?"

"Lachitatu, amalume."

"Unadziwa bwanji?"

"Nditaigwira. Inali youma, inkalira m'zala."

"Ndipo unasoka liti?"

Lyness anayang'ana pansi. "Lachinayi mpaka Loweruka."

A Ezra anavula magalasi n'kuwaika pa makina.

"Ndimvere, mwana wa mlongo wanga. Zala zimenezo ndinaziphunzitsa ndine. Ndinakugwiritsa nsalu uli ndi zaka khumi, kuti uzidziwa yochapa ndi yosachapa ngakhale utatsinzina. Sindinakuphunzitse kuti ukatchere nazo mnzako msampha. Munthu akabwera pano ndi nsalu, ine n'kuona kuti idzafupika, ndimamuuza. Ena amandinyoza. Ena amati telala wa pa msika adziwa chiyani. Ndimawauzabe, chifukwa ikadutsa pa makina anga, msoko ndi wanga. Sindinganene kuti nsalu inali yake. Ndinaiona, ndinaisoka, ndiye kuti ndinavomereza."

"Koma anandinyoza pamaso pa anthu, amalume."

"Anakunyoza, ndipo ndakwiya kuposa iwe. Ukanapita kwa aphunzitsi ako tsiku lomwelo n'kunena zinthu ziwiri: kuti wakunyoza, ndi kuti nsalu yake sinachapidwe. Zonse zikanathera m'beseni limodzi la madzi. Iwe unasankha kusunga mkwiyo masiku asanu, n'kuusokerera m'chofunda cha anzako. Atsikana khumi aja anakulakwira chiyani? Mwiza anakulakwira chiyani? Nanga amayi ako, amene anatulutsa bulauzi yawo ya ku tchalitchi? Unaiika wekha pafupi ndi nsalu imene unkadziwa kuti idzatulutsa utoto. Fridah sanasoke msoko umenewo. Unasoka ndiwe."

Misozi ya Lyness inayamba kutsika, koma a Ezra sanafewetse mawu.

"Aphunzitsi anakufunsa ngati pali vuto?"

"Anandifunsa Lachisanu."

"Unati chiyani?"

"Ndinati palibe."

"Ndiye kuti onama pa nkhaniyi alipo awiri. Mmodzi ananama kuti wachapa, wina ananama kuti palibe vuto. Ukafuna kuti bodza la mnzako liululike, uyambe ndi lako. Mawa ukapite kwa aphunzitsi ako belu lisanalire. Usakayambe ndi dzina la Fridah. Ukayambe ndi lako."

"Adzandichotsa m'kalabu."

"Mwina. Ukapitebe."

Anavalanso magalasi n'kuponda makina. Lyness anakhala pa benchi kanthawi, kenako ananyamuka.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake akutsuka mabeseni a tomato amene ankagulitsa. Anawauza za bulauzi, ndipo sanabise mbali yake. Amayi ake anamvetsera osasiya kutsuka. Pomaliza anangoti, "Ndinkafuna kukaiona ku chionetsero," n'kulowa m'nyumba.

5. Pakhomo la ofesi

Lachiwiri Lyness anafika kusukulu m'mawa kwambiri. Chipinda cha kalabu chinali chotsegula. Madamu Musonda anali atabwerako ku maliro, ndipo anali ataima pa tebulo akuyang'ana chofunda. M'manja anali ndi tinsanza tiwiri toyera tonyowa. Kamodzi kanali koyerabe, kena kanali kofiira.

"Madamu, ndabwera kudzanena kanthu."

"Ngati ndi za nsalu imene yatulutsa utoto, ndadziwa kale," anatero Madamu. Anakweza kansanza koyera. "Aka ndapukutira pa za maluwa zako." Anakweza kofiira. "Aka pa za Fridah. Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Iwe nsalu umaidziwa kuposa aliyense m'kalabu muno. Yadutsa bwanji m'manja mwako masiku atatu?"

"Ndinadziwa Lachitatu, Madamu. Ndinakhala chete dala. Ndinkafuna achite manyazi."

Madamu anaika tinsanza pansi pang'onopang'ono.

"Ndinakufunsa Lachisanu."

"Munandifunsa. Ndinanama."

Madamu anamuyang'ana m'maso. Mawu awo anali otsika koma aukali.

"Ine ndinalakwa posaigwira ndekha tsiku lija, ndipo zimenezo ndikanena. Koma ndinakupatsa chofunda ichi chifukwa ndinkakukhulupirira. Ukudziwa zimene zachitika dzulo madzulo? Amayi a Fridah anaimbira foni aphunzitsi aakulu. Akuti nsaluyo anaichapa okha ndi manja awo, ndipo mwana wawo akuzunzidwa ndi gulu la ku Makululu. Aphunzitsi aakulu alemba mayina asanu, lako ndi la Mwiza ndi ena atatu, kuti muchoke m'kalabu. Ndawaonetsa tinsanza iti. Akuti chofunda chinanyowa paliponse, utoto unasakanikirana, ndipo sangatsutse kholo chifukwa cha kansanza."

"Koma anayiwo sanachite kanthu, Madamu. Mwiza anandiuza kuti tikanene, ine ndinamuletsa."

"Ndiye ukanene zimenezo mu ofesi. Pakufunika munthu amene anaigwira nsaluyo isanasokedwe. Koma ndikuchenjeze. Ukanena kuti unadziwa, chilango chako chidzakula kuposa kungochoka m'kalabu, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo. Ukakhala chete, muchoka nonse asanu, ndipo anthu adzati munangoonongeredwa. Sankha tisanafike pakhomo."

Anapinda chofunda n'kuchinyamula. Lyness anawatsatira.

Pa benchi ya kunja kwa ofesi panali Mwiza ndi atsikana atatu aja. Mmodzi ankalira. Mwiza anakweza maso n'kuyang'ana Lyness.

"Musachoke," anawauza Lyness. "Ndikukanena zonse."

Madamu anagogoda n'kutsegula. Aphunzitsi aakulu anali kuseri kwa tebulo, pepala la mayina lili patsogolo pawo. Pampando wa alendo panali amayi a Fridah, chikwama chili pa miyendo, nkhope ili gwa. Fridah anaima pambali pawo, manja onse awiri ali kumbuyo.

Lyness anauzidwa kuima kukhoma, ndipo pamene anaima anatha kuona kumbuyo kwa Fridah. Zala za Fridah zinali zofiira. Utoto unalowa m'zikhadabo ndi m'mizere ya zikhatho, ngati wa munthu amene wachapa mobisa nsalu yofiira imene inatsala podula zigamba, n'kulephera kuuchotsa ndi sopo. Kuyambira m'mawa ankawabisa manjawo, ndipo zinkaoneka kuti ngakhale amayi ake anali asanawaone.

Fridah anatembenuka pang'ono n'kuona pamene maso a Lyness anali. Anafumbata manja msanga. Nkhope yake inalibenso mwano. Anapukusa mutu pang'ono kwambiri, momupempha.

"Lyness Mumba," anatero aphunzitsi aakulu, "Madamu Musonda akuti uli ndi mawu. Amayi awa achoka kutali ndipo ali ndi zochita. Lankhula."